Pikapu ikamagogoda pansi pa mpando, yang'anani mabushi a pakati pa bodi ndi chasisi

Phokoso lake ukangolimva kamodzi suliiwala. Pa tala galimoto imayenda ili zii, koma mukangopatukira mu msewu wafumbi, tayala limodzi n'kugwera m'kadzenje, mumamva "gu!" pansi pa mapazi kapena kuseri kwa mpando, ngati wina wamenya kunsi kwa galimoto ndi chibakera. Polowa pageti pomwe pali ngalande, mukamadutsa chopingasa, kumamveka "kwiii" ngati chitseko cha nyumba yakale. Ambiri tikamva zimenezi timathamangira ma shock. Inenso ndinatero ndi Hilux yanga ya single cab. Ndinasintha ma shock onse anayi, kenako mabushi a masipuling'i a kumbuyo, ndalama zinapita ndithu, koma pa bampu yoyamba nditangotuluka pagalaja, "gu!" uja anali pomwepo. Chomwe chinatha chinali malabala amene bodi imakhalapo, omwe sindinawayang'anepo chigulireni galimotoyo.

Mapikapu monga Toyota Hilux, Isuzu KB ndi D-Max, Nissan Hardbody, Ford Ranger, Mazda BT-50 ndi Mitsubishi L200 anamangidwa pawiri. Pansi pali chasisi, zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ngati makwerero, ndipo injini, giyabokosi, masipuling'i ndi thanki zimagwira pamenepo. Bodi, ndiye kuti chipinda chokhalamo anthu pamodzi ndi kutsogolo komwe kuli nyali ndi rediyeta, anachita kuisanjika pamwamba. Ziwirizi siziyenera kukhudzana chitsulo kwa chitsulo. Pa malo 6 kapena 8, malinga ndi mtundu wa galimoto, pali bulaketi yowotchereredwa ku chasisi, pamwamba pake pali labala wonenepa amene amasenza bodi, pansi pake pali wina wocheperako amene amaigwira kuti isadumphe, ndipo pakati pamadutsa kapaipi kachitsulo ndi bawuti yaitali. Malabala amenewa ndiwo mabushi a bodi. Ngolo ya kumbuyo yonyamulira katundu imamangidwa payokha ndi mabawuti ake. Ngati yanu ndi Nissan NP200, Ford Bantam kapena Corsa Utility, nkhani ino sikukukhudzani, chifukwa zimenezo bodi ndi chasisi n'chinthu chimodzi ngati galimoto yaing'ono.

Kutsimikiza kuti ndi mabushiwa

Musanagule kalikonse, mvetserani nthawi yomwe phokoso limabwera. Likamamveka ponyamuka kapena posintha giya, yambani mwaona ma mounting (malabala amene injini ndi giyabokosi zimakhalapo), ndi mitanda ya propshaft (ndodo yozungulira yochokera pa giyabokosi kupita ku matayala a kumbuyo). Likakhala la "khwekhwekhwe" pafupi ndi tayala pa timabampu ting'onoting'ono, kawirikawiri amakhala mabushi a ma shock, timikono ta stabiliser (chitsulo choletsa galimoto kupendekeka pokhota) kapena ma ball joint (majoini ogwira tayala). Gwedezaninso tayala la sipeya lomwe limapachikidwa kunsi kwa ngolo, chitseko cha kumbuyo ndi ekizozi, pakuti zitatuzi zanamiza anthu ambiri. Mabushi a bodi amalira makamaka chasisi chikamapotoka, tayala limodzi lili pamwamba lina lili pansi, ndipo kugundako mumakumva m'mapazi ndi m'mpando osati m'makutu mokha.

Pali zizindikiro zina zomwe zimaoneka galimoto itangoima. Imani chapatali m'mbali mwake ndipo tsatirani ndi maso mzere wopindika womwe umachoka pa chitseko kupita ku ngolo. Uyenera kupitirira molunjika. Ukatsika mbali ya bodi, bodiyo yakhala pansi. Pitani kumbuyo muone ngati mpata wa pakati pa bodi ndi ngolo uli wofanana kumanja ndi kumanzere. Pena mupeza penti itakalika pomwe ziwirizi zayamba kugundana. Chitseko chomwe kale chinkatsekeka ndi chala koma tsopano chimafuna kumenyetsa, pomwe mahinji ake ali bwinobwino, nachonso chikunena zomwezo.

Ziwiri zotsatirazi ambiri saziganizira kuti zikukhudzana ndi mabushi. Ndodo ya giya imachokera pa giyabokosi, yomwe ili pa chasisi, koma bowo lomwe imatulukira lili pa bodi. Bodi ikatsetsereka, ndodoyo imasiya kukhala pakati pa bowo, labala woiphimba amang'ambika mbali imodzi, ndipo pena imagunda m'mphepete. Fani nayonso ili pa injini, pomwe rediyeta ndi pulasitiki yozungulira fani pa mapikapu ambiri zili pa bodi. Mukaona pulasitikiyo itadyedwa ndi mapiko a fani, ndiye kuti china chatsika, kaya ndi mabushi a kutsogolo kaya ma mounting a injini. Imeneyi si yodikira malipiro a mwezi wamawa, chifukwa phiko likathyoka limalowa m'rediyeta.

Tsopano imikani galimoto pamalo osalala, kokani handibuleki, ikani miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, ndipo lowani pansi ndi tochi. Yambani mwachotsa matope ouma pa bulaketi iliyonse. Bushi yabwino imakhala yoimirira, m'mbali mwake muli mosalala. Yotha imaphwanyalala n'kutuluka m'mphepete ngati chigumu chokhalidwa, imang'aluka ming'alu yakuya, kapena imanyenyeka mukaikanda ndi sikuludiraivala. Yanga ya kuseri kwa mpando wa dalaivala ndinaipeza itasanduka ngati makala, ndipo washala wa pansi ankazungulira ndi chala chimodzi. Pozungulira pake panali fumbi lofiira losalala ngati ufa, ndipo fumbi limeneli ndi umboni wakuti zitsulo zakhala zikukhulana. Yezani kutalika kwa labala aliyense ndi lula, muyerekeze wakumanja ndi mnzake wakumanzere. Kenako pemphani mnzanu agwire pamwamba pa chitseko n'kugwedeza bodi mwamphamvu inu mukuyang'ana. Kunyutuka pang'ono n'kwabwino, ndiyo ntchito ya labala. Koma bodi ikamanyamuka n'kusiya mpata, kapena bawuti ikamavina m'bowo, mwachipeza. Chonde yang'anani ndi maso okha, zala zisalowe pamenepo.

Chifukwa chake vutoli limabwereranso

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndaona anthu akusintha mabushi nyengo ya mvula iliyonse, n'kumati galimoto yakalamba, pomwe chodya mabushiwo sanachigwire.

Choyamba n'kusintha imodzi yokha. M'pomveka, ndalama zimavuta, ndipo munthu amafuna kuchotsa yomwe yaphulikayo basi. Koma yatsopano imakhala yaitali kuposa anzake omwe anaphwa kale, ndiye bodi imatsamira pa iyo yokha. Imatha msanga, ndipo chitsulo cha pansi pa bodi chimatha kung'aluka pamenepo. Ngati simungakwanitse onse, sinthani awiriawiri, wakumanja ndi wakumanzere a mzere umodzi, ndipo otsalawo musawachedwetse.

Chachiwiri ndi mafuta. Labala wa mabushiwa sagwirizana ndi oyilo, dizilo, girizi kapena mafuta a power steering. Akamadontheredwa amafufuma, n'kufewa ngati phala, kenako n'kuphwanyika. Mukapeza bushi imodzi yokha ili yonyowa ndi yonata pomwe ena angouma ndi ukalamba, kwezani maso muone chomwe chili pamwamba pake. Ikhoza kukhala fyuluta ya dizilo yomwe ikudontha, paipi ya power steering, kapena oyilo wochokera pa injini amene mphepo imamukankhira kumbuyo. Mafuta a buleki ndi asidi wa batire amadya penti, ndipo pomwe penti yachoka dzimbiri limayamba. Pali chizolowezi china chomwe ndimachidandaula kwambiri, chothira oyilo wakuda wochotsedwa mu injini pa mabushi kuti asiye kulira. Amakhaladi chete sabata imodzi, koma mwawafupikitsira moyo ndi manja anu.

Chachitatu ndi mabushi osema kuchokera ku matayala akale. Sindinyoza amisiri omwe amawasema m'misika, luso ali nalo ndipo apulumutsa ambiri omwe galimoto inawafera kutali ndi tauni. Vuto n'lakuti kawirikawiri kapaipi kachitsulo kaja kamatayidwa. Kapaipi kameneka ndi kamene kamachititsa kuti bawuti imangike mpaka polekezera popanda kufinya labala mopitirira. Kakasowa, mukamanga kwambiri mumaphwanya labala, mukamanga pang'ono nati imamasuka yokha pa msewu wa mabampu. Ngati palibiretu kuchitira mwina, uzani mmisiri aseme molingana ndi kutalika kwa bushi yatsopano, osati ya yophwa yomwe mwamupatsa ngati chitsanzo, ndipo kapaipiko kabwerere.

Ndiye pali dzimbiri. Bulaketi yambiri imakhala ngati kambale, ndipo matope a dzinja amadikha momwemo n'kusunga chinyezi mpaka mwezi wa June. Bowo lomwe bushi imakhalapo limadyeka n'kukula, mpaka labala amayamba kumira m'bowomo. Pamenepo ngakhale mutaika bushi yochokera kufakitale, siikhalitsa. Magalimoto omwe anayendapo ku Britain kapena kumpoto kwa Japan, komwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, amafunika kuwayang'anitsitsa kwambiri pamenepa ngakhale penti ya pamwamba ikuwala. Mukamatsuka galimoto mvula ikatha, lozetsani paipi ya madzi m'mabulaketimo.

Za katundu ndinene mwachidule. Mapikapu ambiri a mtundu uwu anapangidwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, omwe ndi matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Matumba ali m'ngolo salemera pa mabushi a bodi mwachindunji, koma mukapyoza muyeso chasisi chimapotoka kwambiri pa msewu woipa, ndipo malabalawa ndi amene amalimbana ndi kupotokako.

Pogula, tengani nambala ya chasisi, chifukwa mabushi a malo osiyana pa galimoto imodzi sakhala ofanana, ndipo a single cab pena amasiyana ndi a double cab. Mupeza a labala ndi a polyurethane (mtundu wa pulasitiki), aja amakonda kukhala ofiira kapena achikasu. A polyurethane saopa mafuta ndipo amakhalitsa, koma ndi olimba, kotero kunjenjemera kwa injini ya dizilo ndi kwa msewu kumafika kwambiri m'kati, ndipo akauma amalira. Ine pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku m'misewu yafumbi ndimasankha a labala abwino. Gulaninso mabawuti atsopano ngati akale adyeka pakati. Akhale olimba ngati omwe munachotsa, olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu, osati mabawuti wamba a m'sitolo ya zomangira nyumba.

Kagwiridwe ka ntchito

Ntchitoyi imayamba masiku awiri kapena atatu musanagwire sipanala. Tsukani mabawuti onse ndi bulashi ya waya, ndipo m'mawa ndi madzulo muziwathira mafuta omasulira dzimbiri, monga WD-40 kapena ena otere. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bawuti imodzi yothyoka ikhoza kusandutsa ntchito ya tsiku limodzi kukhala ya sabata. Fufuzaninso komwe mitu ya mabawuti ili. Pa magalimoto ena mumaipeza m'kati, mutakweza kapeti n'kuchotsa kachivindikiro ka labala, ndipo pamafunika anthu awiri, wina kugwira pamwamba wina kumasula pansi. Pa ena bawuti imalowa kuchokera pansi n'kukagwira nati yobisika m'kati mwa bodi.

Tsiku la ntchito, galimoto ikhale pa simenti kapena pa nthaka yolimba yosalala, matayala onse ali pansi ndipo atchingidwa. Chotsani waya wa negative pa batire. Yezani ndi kulemba mpata wa pakati pa bodi ndi ngolo mbali zonse ziwiri, ndipo jambulani chithunzi cha bushi iliyonse ndi foni isanamasulidwe. Ngati pali timalata topyapyala tomwe anaika pansi pa bushi ina kuti bodi ikhale yowongoka, tisungeni ndipo tidzabwerere pamalo pomwepo.

Musananyamule, yendani ndi tochi kufunafuna chilichonse chomwe mbali ina chagwira bodi, mbali ina chagwira chasisi kapena injini. Pali ndodo ya chiwongolero yomwe imatsikira ku steering box kapena rack, mapaipi a buleki ndi a kilatchi ochokera pa master cylinder (kapampu komwe kamakankha mafuta mukaponda buleki kapena kilatchi), mapaipi a rediyeta ndi a hita, mawaya a earth, chingwe cha handibuleki, mapaipi a air con ngati ilipo, labala wa ndodo ya giya, ndi pulasitiki ya fani ija. Bampala ya kutsogolo nayo pa magalimoto ambiri imagwira ku chasisi, ndiye onani ngati giliro kapena nyali sizikodwa pamenepo. Zambiri mwa izi zimalola kunyamuka pang'ono. Zomwe zikuoneka zokoka kale, masulani timabulaketi take, ndipo pulasitiki ya fani ndi bwino kungoimasuliratu.

Masulani mabawuti onse a bodi mbali zonse ziwiri, koma chotsani a mbali imodzi yokha. A mbali inayo asiyeni ali omasuka koma nati ikadagwira, kuti bodi ithe kupendekeka popanda kutsetsereka. Musachotse onse nthawi imodzi. Bodi ikasuntha ngakhale pang'ono, kuibwezera kuti mabowo onse alingane ndi ntchito yowawa.

Ikani jeke pansi pa bodi, osati pansi pa chasisi, pafupi ndi bulaketi pomwe chitsulo chili chophatikiza ndi cholimba. Pakati pa jeke ndi bodi payenera kukhala thabwa lochindikala ndi lalitali ndithu logawa kulemera, apo ayi jeke imaboola kapena kutundumula chitsulo cha pansi. Kwezani pang'onopang'ono, mukuima n'kumayang'ana mapaipi aja. Masentimita 3 mpaka 5 amakwana kutulutsa bushi, ndipo mukamva chinthu chikulira kapena jeke ikayamba kulemera mwadzidzidzi, imani, pali bawuti kapena paipi yomwe mwaiwala. Bodi ikangonyamuka, lowetsani zidutswa za matabwa olimba pakati pa iyo ndi chasisi. Njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Jeke ya mafuta imatha kutsika yokha, ndipo bodi ya pikapu ikagwera dzanja palibe chala chomwe chingatsale. Ngakhale matabwa alipo, kokani bushi yakale ndi pulayala kapena ikankheni ndi sikuludiraivala yaitali.

Bushi ikachoka, palani bulaketi mpaka chitsulo chioneke, ndipo igogodeni ndi hamala yaing'ono. Yolimba imalira "ngwe", yodyeka imamveka "phu" n'kugwetsa makoko a dzimbiri. Onaninso pansi pa bodi pomwe bushi imatsamira. Ngati zonse zili bwino, pakani penti yoteteza dzimbiri, iume, kenako ikani bushi yatsopano monga chithunzi chija chikuonetsera, wonenepa pamwamba, wocheperako pansi. Labala akamavuta kulowa, m'pakeni madzi a sopo. A polyurethane amafuna girizi wa silicone yemwe kawirikawiri amabwera m'paketi momwemo. Mabawuti apakeni girizi woletsa kugwirana ndi dzimbiri pa thunthu pomwe amadutsa m'kapaipi, kuti wodzamasula mtsogolo asadzavutike.

Tsitsani bodi pang'ono, lowetsani mabawuti ndi manja kuti mano agwire bwino, koma musamange. Bowo likaphonya pang'ono, lowetsani chitsulo chosongoka n'kukankha mpaka lilingane. Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Mabushi onse akalowa ndipo bodi yakhala ndi kulemera kwake konse, yezaninso mipata ija, tsegulani ndi kutseka zitseko, kenako mangani. Mphamvu yomangira imasiyana galimoto ndi galimoto, choncho itengeni m'buku la galimoto yanu ndipo gwiritsani torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ngakhale yobwereka. Kulumikiza paipi yaitali ku sipanala n'kukwerapo ndi phazi ndi komwe kumathyola mabawuti ndi kudula mano a nati.

Zikakanirira

Chomwe chimagwetsa ulesi kwambiri ndi nati yobisika ija ikathothoka m'kati. Mumazungulitsa bawuti, ikuzungulira, koma sikutuluka. Yesani kaye kukanikizira mutu wa bawuti pansi ndi chitsulo uku mukumasula, pena nati imagwira. Zikakanika, kwezani kapeti, pezani pomwe natiyo ili, boolani kabowo kokwana sipanala, ndipo mukamaliza tsekanipo bwino ndi kachitsulo ndi penti kuti madzi ndi fumbi zisamalowe. Pofuna kupewa zimenezi, bawuti yolimba muziimasula pang'ono, n'kuibwezanso pang'ono, n'kuthira mafuta, mobwerezabwereza.

Bawuti ikagwirana ndi kapaipi chifukwa cha dzimbiri, musalimbane nayo. Nyamulani bodi pang'ono, tchingani ndi matabwa, ndipo iduleni ndi sowo ya zitsulo podutsa m'labala momwemo. Moto wa gasi ndi wothandiza pa nati yoonekera, koma pano pali labala amene amayaka ndi utsi woipa, pamwamba pali kapeti, ndipo mapaipi a mafuta ndi a buleki amadutsa m'mbali mwa chasisi momwemo. Ngati simunazolowere, usiyeni.

Bulaketi yodyeka imafuna wowotcherera wodziwa ntchito. Adule chitsulo chofanana kuchindikala ndi chakale, aboole bowo lolingana ndi bushi, ndipo pomaliza pamwamba pake pakhale pa msinkhu womwewo wakale, chifukwa akangosanjika chigamba pamwamba bodi idzakwera mbali imeneyo. Powotcherera batire ikhale yochotsedwa, mawaya ndi mapaipi atchingidwe, kapeti ikwezedwe, ndipo pafupi pakhale chozimitsira moto. Bulaketi yomwe ili pafupi ndi thanki ndi yofunika kusamala koposa, makamaka pa galimoto ya petulo.

Mukamaliza, bwezerani zonse zomwe munamasula musanalize injini. Zungulitsani fani ndi dzanja muone kuti sikukhudza paliponse. Pondani buleki ndi kilatchi kangapo n'kuyang'ana pansi ngati pali podontha. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse. Chikamalimba pena n'kufewa pena, ndiye kuti ndodo yake yakokeka chifukwa bodi yabwerera pamwamba, ndipo pafunika kumasula bawuti ya pa joini yake kuti ikhale momasuka, kenako n'kuimanganso bwinobwino. Lowetsani magiya onse galimoto itaima.

Mabushi atsopano amakhazikika pang'ono m'masiku oyamba. Mukayenda makilomita 500 kapena kuposerapo pang'ono, lowaninso pansi ndi torque wrench muyese bawuti iliyonse. Pa yanga ndinapeza awiri a kumbuyo akufuna kuwonjezera pang'ono, ndipo ndinajambula kamzere ka penti yoyera kuchoka pa nati kufika pa washala, kuti tsiku lililonse losintha oyilo ndizingowalitsa tochi n'kuona ngati mzerewo wasemphana.